Mmene Siketi Inafupikira: Phunziro la Zovala za Akazi Nkhondo Itatha

Khalani pansi, tulutsani makope. Takhala tikuphunzira za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi zimene zinatsatira pambuyo pake. Lero tiyenda m'zaka zomwezo, koma titsata chinthu chimene mabuku ambiri a mbiri amachilumpha: chovala cha mkazi. Anyamata akumbuyoko, musaganize kuti phunziroli ndi la atsikana okha. Nkhani ya siketi ndi nkhani ya ndalama, ya ntchito, ndiponso ya amene ali ndi mphamvu zolamula mnzake. Funso loti mulisunge m'mutu ndi ili: pakati pa 1941 ndi 1970, ndani ankagamula chimene mkazi wa ku London avale, ndipo mphamvu zimenezo zinasamuka bwanji?

Tiyambire mu June 1941. Dziko la Britain linali pankhondo. Thonje ndi ubweya zinkabwera pa sitima zapamadzi zimene adani ankazimiza, ndipo mafakitale a nsalu anali kalikiliki kusoka mayunifolomu a asilikali. Boma linalamula kuti ndalama zokha sizingagule chovala; wogula azipereka ndi makuponi omwe. Poyamba munthu ankalandira makuponi 66 pachaka, kenaka anawachepetsa kufika pa 48. Deresi limodzi la ubweya linkadya makuponi 11. Tawerengetsani nokha: pa makuponi omwewo pachoke nsapato, zovala zam'kati, ndi jekete lochindikala la m'nyengo yachisanu. Boma linafika mpaka poika malire a matumba, mabatani ndi mapindo amene telala angaike pa deresi. Choncho chovala cha mkazi wa nthawi ya nkhondo chinali chosalira nsalu yambiri: mapewa otambalala ngati a yunifolomu, siketi yowongoka yongophimba bondo, basi.

Koma nkhondo yomweyo inachita chinthu china chachikulu. Mu December 1941 boma linayamba kuitana akazi osakwatiwa a zaka 20 mpaka 30 kuti akagwire ntchito za nkhondo. Analowa m'mafakitale a zida, anayendetsa magalimoto, analima m'minda imene amuna anaisiya. Pafupi ndi makina, deresi lolendewera ndi tsitsi lomasuka ndi ngozi, motero anavala maovolosi ndi mabuluku, n'kumanga mipango kumutu. Akazi ambirimbiri anadziwa koyamba kupepuka kwa buluku, anadziwanso koyamba kukoma kolandira malipiro m'dzanja lawo. Zinthu ziwirizi musaziiwale, tizipezanso kutsogoloku.

Nkhondo inatha mu 1945, koma makuponi a zovala anapitirira mpaka 1949. Ngakhale Elizabeth, mwana wa mfumu, pokwatiwa mu November 1947 anafunika makuponi a deresi lake la ukwati. M'chaka chomwecho cha usiwa, pa 12 February 1947, mumzinda wa Paris, munthu wina dzina lake Christian Dior anaonetsa zovala zake zoyamba m'nyumba ya pa Avenue Montaigne. Zinali zosemphana kotheratu ndi za nkhondo zija. Mapewa anali ofewa, chiuno choning'a ngati cha mavu, siketi yotambalala yofika m'katumba. Siketi imodzi inkatha kudya mayadi oposa 10 a nsalu, ndipo maderesi ena ankafika mayadi 20. Kumbukirani kuti chitenje chimene amayi anu amamanga m'chiuno ndi mayadi awiri okha. Mkonzi wa magazini ya ku America ya Harper's Bazaar, Carmel Snow, ndiye anatcha kavalidweka New Look, ndipo dzinalo linakhazikika.

Si onse anakondwa. Akuluakulu a boma ku Britain anadandaula kuti uku n'kusakaza nsalu dziko lili pa umphawi. Ku America akazi ena anapanga magulu okana kuti masiketi awo atalikitsidwe. Dziwaninso kuti amene anaika ndalama pa bizinesi ya Dior anali Marcel Boussac, mwini mafakitale akuluakulu a nsalu za thonje. Kwa munthu wogulitsa nsalu, fashoni yodya mayadi 20 ndi dalitso.

Ine ndikaona zithunzi za zovala za Dior sindikana kuti ndi zokongola, ndipo ndimawamvetsa akazi amene anazilakalaka. Munthu amene wakhala zaka zambiri akusoka zigamba ndi kusandutsa bulangete kukhala jekete ali ndi ufulu wofuna chinthu chowala. Komabe taonani chimene chovalacho chinkafuna kwa wochivala. Kuti chiuno chining'e chotero, m'kati munkakhala chomangira cholimba chofinya mimba. Pansi pa siketi pankakhala mapitikoti. Kumapazi gogoda, kumutu chipewa, m'manja magolovesi. Si chovala cha munthu wothamangira basi ya kufakitale. Chinabwera pa nthawi imene asilikali ankabwerera kwawo kudzatenganso ntchito zawo, ndipo akazi ankauzidwa kuti malo awo ndi panyumba, abereke ana, asamale mwamuna. Si Dior amene anakonza zimenezi, koma chovala chake chinagwirizana bwino ndi zimene dziko linkafuna kwa mkazi pa nthawiyo.

Tsopano mvetsani mmene fashoni inkayendera masiku amenewo, chifukwa phata la phunziro lili pamenepa. Inkatsika kuchokera kumwamba. Kawiri pachaka nyumba zikuluzikulu za ku Paris zinkaonetsa zovala zosokedwa ndi manja, zoyezedwa pa thupi la mayi wachuma mmodzimmodzi. Eni masitolo a ku New York ndi ku London ankalipira kuti aone ndi kukopera. Mafakitale ankasoka zofanizira zotchipa, ndipo amayi osoka okha ankagula mapepala odulira nsalu. Pofika kwa mkazi wamba, fashoniyo inali itadutsa m'manja ambiri, koma mwini wake weniweni anali mayi wachikulire wolemera. Nanga mtsikana? Mtsikana analibe chovala chakechake. Ankavala zachibwana mpaka tsiku losiya sukulu, ndipo m'mawa mwake ankavala ngati mayi ake: chipewa chomwecho, magolovesi omwewo, tsitsi lopotedwa mofanana. Pakati pa mwana ndi mayi panalibe malo.

Malowo anatsegulidwa ndi ndalama. M'zaka za m'ma 1950 ntchito ku Britain zinali zambiri kuposa anthu. Kuyambira 1947 mwana ankaloledwa kusiya sukulu pa zaka 15, ndipo mtsikana wa msinkhu umenewo ankapeza ntchito mosavuta, yotaipa makalata mu ofesi, yogulitsa m'sitolo, kapena ya m'fakitale. Ankakhalabe kwa makolo. Akalandira malipiro Lachisanu ankapatsako mayi ake ya chakudya, yotsalayo inali yake. Analibe lendi, analibe mwana. Mu 1959 katswiri wina wofufuza za malonda, Mark Abrams, analemba kabuku koonetsa kuti achinyamata osakwatira asanduka msika waukulu paokha, kuti ambiri mwa iwo ndi ana a anthu ogwira ntchito zamanja, ndipo ndalama zawo zimathera pa zovala, mbale za nyimbo, kanema ndi madansi. Amalonda anatchera khutu. Onjezani apa kuti nkhondo itangotha kunabadwa ana ochuluka zedi, ndipo ana amenewo anafika pa unamwali chakumayambiriro kwa m'ma 1960. Chiwerengero chinali kumbali yawo.

Ku America zimenezi zinayamba msanga. Magazini ya atsikana ya Seventeen inatuluka mu 1944. Nyimbo za rock and roll zitabuka chapakati pa m'ma 1950, ndi oimba monga Bill Haley ndi Elvis Presley, atsikana anafuna siketi yozungulira bwino povina ndi nsapato zafulati zosagwetsa munthu. Jinzi, imene kale inali ya ogwira ntchito m'migodi ndi oweta ng'ombe, inalowa m'masukulu. Makanema anathandizira. Mtsikana akaona Audrey Hepburn mu Funny Face ya 1957 akuvina atavala buluku lakuda lothina ndi nsapato zafulati, ankatulukamo akudziwa kuti kukongola sikulira mapitikoti.

Ku London kunali kagulu kamene ndimakakonda kwambiri, ngakhale mabuku sakatchula kawirikawiri. Anyamata otchedwa Teddy Boys ndi odziwika. Ankavala majekete aatali otengera a mabwana a nthawi ya mfumu Edward. Koma analipo ndi atsikana awo, ana a m'madera osauka, ambiri ogwira ntchito m'mafakitale. Ken Russell anawajambula zithunzi mu 1955 ataima m'mabwinja a nyumba zophwanyidwa ndi mabomba, atavala majekete achimuna, majinzi opinda m'munsi ndi timipango m'khosi. Palibe wa ku Paris anawauza zovala zimenezo. Anazisonkhanitsa okha, zina zogula pa kaunjika wa kwawoko, zina zosoketsa pang'onopang'ono. Kwa ine, pamenepo ndi pamene madzi anayamba kubwerera kumtunda.

M'chaka chomwecho cha 1955, mtsikana wa zaka 25, Mary Quant, mwana wa aphunzitsi ochokera ku Wales, anatsegula sitolo yotchedwa Bazaar pa msewu wa King's Road ku Chelsea, pamodzi ndi Alexander Plunket Greene, amene anadzakhala mwamuna wake, ndi mnzawo Archie McNair. Poyamba ankangofuna kupikula zovala n'kumagulitsa, koma zimene ankazifuna kunalibe amene ankazisoka. Anayamba kusoka yekha kuchipinda kwake. Ankagula nsalu pa mtengo wa m'sitolo ku Harrods, n'kusoka usiku, zogulitsa za tsikulo n'kugulira nsalu ya mawa. Maderesi ake anali osathina m'chiuno, osavuta kuvala, otengera yunifolomu ya mwana wasukulu ndi zovala zovinira. Cholinga chake chinali chakuti wovala athe kuthamanga, kuvina ndi kukwera basi. Ndipo chaka ndi chaka mpendero unkakwera.

Mudzamva anthu akutsutsana za amene anayambitsa siketi yaifupi. Ena amati Quant, amene anaipatsa dzina la galimoto yaing'ono imene ankaikonda, Mini. Ena amati André Courrèges wa ku Paris, amene mu 1964 anaonetsa maderesi oyera olekeza pamwamba pa bondo ndi majombo oyera afulati. Ena amatchula John Bates. Pa mayeso musadzalembe dzina limodzi ngati kuti nkhaniyo ndi yotha. Quant mwini wake ankanena kuti anayambitsa ndi atsikana a pa King's Road, amene ankabwera m'sitolo n'kumuumiriza kuti adulebe. Ine ndimamukhulupirira, chifukwa zikugwirizana ndi zonse zimene taona: wogula anali atasintha, ndipo wosoka wanzeru anamumvera.

Panafunikanso kuti mtengo utsike. Bazaar sinali sitolo ya osauka. Amene anafikitsa fashoniyi kwa wotaipa makalata anali Barbara Hulanicki, wobadwira ku Poland. Mu 1964 nyuzipepala ya Daily Mirror inaonetsa deresi lake la pinki la timabokosi, loitanitsa pa positi pa mtengo wa mashiling'i 25, ndipo maoda anafika 17,000. Chaka chomwecho anatsegula sitolo ya Biba ku Kensington. M'menemo munkalira nyimbo mokweza, ogulitsa anali atsikana amsinkhu wa ogulawo, ndipo panalibe mayi waukali woima pambali kukuuza chokuyenera. Lachisanu madzulo atsikana ankaonera pulogalamu ya nyimbo ya Ready Steady Go! pa wailesi yakanema, kuona chimene woulutsa wake Cathy McGowan wavala, Loweruka m'mawa n'kukachifuna. Chovala sichinalinso chinthu chogula kuti chikhale zaka khumi.

Musaiwale mbali ya sayansi. Akazi a nthawi ya Dior ankavala masokosi aatali a nayiloni olekeza m'ntchafu, okoledwa ndi tizingwe ku lamba wam'kati. Ndi masokosi otero siketi singakwere, tizingweto tingaonekere. Mafakitale atayamba kupanga motchipa masokosi olumikizana mpaka m'chiuno, amene lero timati mataiti, chopinga chinachoka. Nsalu zopangidwa ndi mankhwala monga Terylene ndi Crimplene zinkachapika mosavuta, kuuma msanga, osalira simbi. Ulusi wotamuka wa Lycra unapangidwa ku kampani ya DuPont mu 1958. Ngakhale tsitsi linasintha: Vidal Sassoon anabweretsa kameta kakafupi kongofuna kutsuka ndi kupesa, m'malo mogona ndi zopotera kumutu usiku wonse. Chilichonse mwa izi chinkabwezera mtsikana wapantchito nthawi yake.

Tsiku limodzi likuonetsa bwino kukula kwa mpata pakati pa mibadwo iwiriyi. Pa 30 October 1965, Jean Shrimpton, mtsikana wa ku Britain wotchuka poonetsa zovala, anapita ku mpikisano wa akavalo ku Flemington mumzinda wa Melbourne ku Australia. Anavala deresi loyera lolekeza masentimita pafupifupi 10 pamwamba pa bondo, wopanda chipewa, wopanda magolovesi, wopanda masokosi. Amayi olemekezeka a mumzindawo anakhumudwa kwabasi, ndipo chithunzi chake chinazungulira dziko lonse. Mukachiona lero mudzadabwa kuti mlandu unali pati. Chaka chotsatira, 1966, magazini ya Time inalemba za London monga likulu la achinyamata, nyuzipepala ya Daily Express inatcha Twiggy, mtsikana wa zaka 16, nkhope ya chakacho, ndipo Mary Quant anapita ku Buckingham Palace kukalandira ulemu wa OBE atavala deresi lalifupi.

Nanga Paris? Paris inatsatira. Yves Saint Laurent, amene analowa m'malo mwa Dior atamwalira mu 1957, anatsegula mu 1966 sitolo ya zovala zosokeratu yotchedwa Rive Gauche, ndipo chaka chomwecho anasokera akazi suti ya buluku yopitira kumaphwando. Cristóbal Balenciaga, katswiri amene anzake onse ankamugwadira, anatseka nyumba yake mu 1968. M'zaka 21 zokha kuchokera pa tsiku la Dior lija, mayi wolemera anali atayamba kuonera kwa mtsikana wa mu ofesi.

Pano ndikuchenjezeni, chifukwa nkhaniyi ena amaikometsa mopitirira. Amati siketi yaifupi inamasula akazi. Chovala pachokha sichimasula munthu. Mapiritsi olera anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma ku Britain mu 1961, koma kwa akazi okwatiwa; osakwatiwa anadikira mpaka chakumapeto kwa zaka khumi zimenezo. Atsikana ambiri ankakwatiwa asanafike zaka 25, ndipo ufulu wa malipiro uja unkathera pomwepo. Malipirowonso anali ochepa poyerekeza ndi a mwamuna. Amene anagwedeza zimenezi sanali oonetsa zovala a ku Chelsea ayi, koma amayi osoka nsalu za mipando ya galimoto pa fakitale ya Ford ku Dagenham, amene ananyanyala ntchito mu 1968, ndipo kunyanyala kwawo kunathandiza kubweretsa lamulo la malipiro ofanana la 1970. Palinso ichi chimene chimandipweteka ndikamaona ana a sukulu akudzimana chakudya: fashoni yatsopanoyo inachotsa chomangira m'chiuno, koma inafuna thupi lowonda ngati la Twiggy. Kufinya kunachoka pa nsalu n'kupita pa thupi lenilenilo.

Tsopano tibwere kwathu, chifukwa mphepo imeneyi inafika kuno. Inabwera ndi makanema, ndi magazini monga Drum ya ku Johannesburg imene inayamba mu 1951, ndi katundu wa abambo obwera kuchokera ku Joni ndi ku Salisbury, ndiponso ndi atsikana athu oyamba kulembedwa ntchito za unamwino, uphunzitsi ndi ukalaliki. Telala wa pakhonde la sitolo ankangofuna kuona chithunzi, makina ake a Singer n'kumaliza zotsalazo. Inafika pa nthawi imene mayiko a mu Africa anali atangolandira ufulu, ndipo atsogoleri ankafunsa kuti mtundu womasuka uzioneka bwanji. Yankho la ambiri linagwera pa miyendo ya atsikana. Ku Tanzania achinyamata a chipani cha TANU analengeza mu 1968 ndawala yolimbana ndi masiketi aafupi. Ku Uganda, Idi Amin anawaletsa mu 1972. Kuno ku Malawi, mu 1973, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Decency in Dress Act, loletsa mkazi kuoneka pagulu atavala buluku kapena siketi yosaphimba bondo. Malo ena ochezera alendo kunyanja ndi pamasewera ndiwo anapatulidwa. Ngakhale alendo otsika ndege ankachenjezedwa za lamuloli, ndipo amuna nawo sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali.

Taganizirani mfundo iyi. Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala ku Britain zaka zambiri, ndipo anali dokotala ku London mpaka 1953, Bazaar isanatsegulidwe. London amene iye anamudziwa anali wa zipewa ndi magolovesi uja, ndipo iye mwini ankakonda kuvala suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa cha Homburg. Lamulo lija linkatchedwa loteteza chikhalidwe chathu, ndipo n'zoona kuti makolo ambiri analilandira ndi mtima wonse, pakuti kwathu ntchafu ya mkazi si yoonetsa pabwalo. Koma ine ndimaona kuti mkangano sunali pakati pa Africa ndi Ulaya pokha. Unalinso pakati pa akulu ndi ana, womwe uja wa ku Melbourne, kungoti kuno akulu anali ndi apolisi ndi makhoti kumbuyo kwawo. Ndipo mtsikana amene ankalozedwa chala kawirikawiri anali wa m'tauni, wophunzira, wodzigulira yekha nsalu.

Lamulolo linachotsedwa mu 1993, chaka cha riferendamu. Komabe mu January 2012 mavenda ena ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu anavula akazi pamsewu chifukwa chovala mabuluku ndi masiketi aafupi. Amayi anasonkhana ku Blantyre kutsutsa nkhanzazo, ambiri atavala mabuluku dala, ndipo Joyce Banda, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti, anali nawo. Mukhoza kukonda siketi yaitali kapena yaifupi. Pa sukulu pano muvala yunifolomu monga mwa malamulo, ndipo kunyumba mumvera makolo anu. Koma wina aliyense wa inu anyamata amene adzatambasule dzanja kuvula mkazi pamsewu adzakhala atapalamula mlandu, ndipo asadzanene kuti ankateteza chikhalidwe.

Ntchito yokachita kunyumba ndi iyi. Pezani mayi wachikulire amene anali mtsikana pakati pa 1960 ndi 1975, kaya ndi agogo anu, kaya ndi a kutchalitchi kapena kumzikiti. Mukhale pansi mwaulemu, muwafunse deresi loyamba limene anagula ndi ndalama zawozawo: ndalamazo anazipeza bwanji, nsalu anaigula kuti, anasoka ndani, linkalekeza pati, ndipo kunyumba anati chiyani ataliona. Ngati sanagulepo ndi ndalama zawo, afunseni amene ankawasankhira. Mulembe masamba awiri, mubweretse Lolemba.